Takwanitsa zaka zisanu ku Lunzu

Ine ndinali chidakwa, anthu a ku Lunzu akudziwa. Boma litaletsa masacheti ndinangosamukira ku kachasu, mpaka mayi a kunyumba ananyamula ana n'kubwerera kwawo. Mulungu atandimasula ndinachita lendi nyumba ya zipinda zitatu, n'kuyamba kusunga amuna anzanga omangidwa ndi mowa ndi chamba. Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu.

Sabata yoyamba ya munthu ndi nkhondo. Kapu ya phala amaigwira ndi manja awiri, koma theka limatayikirabe pa malaya chifukwa cha kunjenjemera. Ena amaona zinthu zoti palibe. Munthu amene wamwa kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka, ngakhale kufa kumene, ndiye zikafika apo timathamangira naye kuchipatala. Amene amati pemphero palokha n'lokwanira sanachezerepo usiku ndi munthu wotere. Akalimba, ndi mapemphero m'mamawa, Baibulo, kenako kukhola la nkhuku zomwe timaweta.

Chaka cha 2023 tinatsala pang'ono kutseka. M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anagwetsa khola, anapiye n'kufera m'matope. Tisanapume n'komwe, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chakudya cha nkhuku n'kukwera mtengo. Bambo wina yemwe tinkagula kwa iye kuyambira pachiyambi anakana kutikongoza ngakhale thumba limodzi, ati zidakwa sizibweza ngongole. Bambo, moni uko. Khola lija zidakwa zomwezo zinalimanganso ndi njerwa zoumba zokha, ndipo sitinapondeko kwa akatapila.

Si onse anachira. Ena anathawa usiku, wina anapita ndi wilibala yathu.

Zikomo abusa athu, amene simunatope kubwera ngakhale mvula ikugwa. Zikomo amayi a mvano chifukwa cha ufa, nyemba ndi sopo. Zikomo amfumu potiteteza pomwe anthu ankati tabweretsa akuba m'mudzi, anamwino amene mumatilandira pakati pausiku osatinyoza, ndi makolo amene munatikhulupirira ndi ana anu. Mayi a kunyumba, munabwerera, ndipo mabuku a ndalama ali m'manja mwanu. Ndithokoze bwanji?

Tsopano nkhuku zakula, mazira aliponso tsiku lililonse. Muli ndi chinkhoswe, ukwati kapena lesitilanti? Odani kwa ife, timabweretsa zososola kale mpaka mu Blantyre ndi Limbe. Ndalama yake ndi yomwe imadyetsa anyamatawa. Mabedi awiri ali opanda anthu, ngati muli ndi m'bale wotopa ndi botolo tilembereni ku inbox.