Mtima nawonso umachita ulesi

Nditathyoka mwendo chaka chatha ndinagona pabedi milungu itatu. Tsiku loyamba kudzuka, m'maso munangoti bii, moti mlamu wanga akanapanda kundigwira ndikanagwera pakabati. Anesi anangoti, "Khalani kaye pansi bambo, mtima wanu unazolowera kugona." Ndinaseka, koma kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za anthu opita mumlengalenga, poti vuto lawo ndi lomweli, kungoti lawolo ndi lalikulu.

Pa International Space Station, chombo chimene ofufuza amakhalamo mumlengalenga, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, palibe chokokera magazi kumiyendo. Magazi amathamangira kumutu, nkhope imatupa, miyendo n'kuonda ngati ya kakowa. Thupi limayesa kuti madzi achuluka ndiye limayamba kuwataya, mtima n'kutsala ndi ntchito yochepa. Scott Kelly wa ku America anakhala kumeneko masiku 340, kuchokera mu Malichi 2015 mpaka Malichi 2016, ndipo ofufuza anapeza kuti mtima wake unachepa ngakhale ankalimbitsa thupi pafupifupi tsiku lililonse.

Kulimbitsa thupiko si kwamasewera ayi, ndi maola awiri patsiku. Pothamanga pamakina amadzimangirira ndi zingwe zamphira m'mapewa ndi m'chiuno, kupanda kutero angoyandama. Njinga yawo, yotchedwa CEVIS, ilibe n'chishalo chomwe. Nanga ukhalirapo bwanji kumalo koti thupi sililemera? Nthawi ndi nthawi amapalasa atavala chipangizo pakamwa choyeza mpweya umene akukoka, mawaya ali pachifuwa, madokotala ku Houston, ku America, maso ali pa manambala. Amadziunikanso okha ndi makina oonera m'kati mwa thupi otchedwa ultrasound, katswiri ali pansi pano akuwauza poloza. Kuunika kotereku n'kumene kunapeza magazi ataundana mumtsempha wapakhosi wa mmodzi wa iwo. Mwiniwakeyo sankamva kupweteka kulikonse, ndipo chimenechi n'chimene chimandiopsa ine. Anayamba kudzibaya jakisoni wa mankhwala ali komweko.

Koma amene anandigonjetsa ndi Valeri Polyakov, dokotala wa ku Russia. Anakhala masiku 437 pa Mir, chombo cha mumlengalenga cha dziko lakwawo, ndipo atatera mu Malichi 1995 sanafune zonyamulidwa, anayenda yekha mapazi angapo mpaka pampando umene anamukonzera. Ine yangayo inali milungu itatu yokha, kabati ili pafupi pomwepo, ndipo mlamu wanga mpaka lero sanasiye kundiseka nazo.