Mabayiti 50 andidyera tsiku

Lachitatu. Ndisanakhale n'komwe pampando, mtsikana wa ku akaunti waimba: "Achimwene, tsamba la malipiro likungozungulira, silikutseguka." Mtima wangoti phwii, chifukwa dzulo madzulo ndine ndinasamutsira maseva awiri pa netiweki yatsopano, ija yopanda chingwe choti n'kuchigwira. Switch yake, kachipangizo kolumikiza makompyuta, ndi pulogalamu chabe, Open vSwitch, ndipo makinawo amalankhulana kudzera mu ngalande ya VXLAN.

Ping, kauthenga koyesera ngati seva ikuyankha, yayankha bwinobwino. SSH, njira yolowera mu seva uli patali, yalowa. Koma fayilo yokulirapo, ziii. M'mawa wonse ndaunamizira firewall, mlonda wa pa netiweki: kuchotsa malamulo, kuwabwezera, palibe chasintha. Kale ndikanagwada pansi pa tebulo, kugwedeza chingwe, kuona ngati kagetsi kobiriwira kakuphethira. Pano ugwedeza chiyani?

Nzeru zandipeza ndili pachiwaya, tchipisi zili m'manja. VXLAN imakulunga paketi iliyonse ya uthenga m'chikuto china, ndipo chikutocho chimatenga mabayiti 50. Msewu wathu umalola paketi ya mabayiti 1500 basi, malire amene timawatcha MTU. Paketi yodzadza ikavala chikuto imafika 1550, ndiye imatayidwa mwakachetechete, osadandaula n'komwe. Ping ndi kanthu kakang'ono, kamadutsa ngati kabaza pamlatho pomwe lole yakanika. Ndabwerera chothamanga, ndatsitsa MTU kufika 1450 mbali zonse ziwiri, tsamba latseguka pomwepo.

Cha m'ma 3 koloko abwana andiitana. "Kodi VLAN yathu yakale inalakwanji?" Ndayamba kuwauza kuti VLAN, njira yakale yogawira netiweki pa switch, imathera pa manetiweki 4094 pomwe VXLAN imapitirira 16 miliyoni, ndiye ndadziletsa ndekha, poti ife ngakhale 20 sitifika. Chenicheni n'chakuti netiweki yatsopano ndimaipanga ndili pampando tiyi asanazizire, osadikira switch yoitanitsa kunja ndi madola ovuta kupezawa. Apo agwedeza mutu.

Sindinawauze kuti Open vSwitch tikugwiritsa ntchito ulereyi inayambira ku Nicira, kampani ya Martin Casado ndi anzake imene VMware inagula mu 2012 pa madola 1.26 biliyoni. Akanangomva madola okhawo, nkhani yonse ikanaipa.

1450 ija n'chigamba chabe. Loweruka, anthu kulibe, ndidzakweza MTU pa switch yeniyeni ya m'kabati kufika 9000, maseva abwerere pa 1500. Ndamata kapepala pa sikirini kuti ndisaiwale.