Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Amplifaya ya Amalume

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangolowa bandi ya kutchalitchi kwathu ku Chinamwali. Ndisanapitirire ndi za bandiyo, ndiloleni ndikambe za bokosi lakuda limene linaphunzitsa makutu anga kumva.

Amalume anapita ku Joni pa Theba akadali mnyamata. Anzawo pobwerako ankanyamula njinga, mabulangete ndi masutikesi achitsulo. Iwo anatsika ndi gitala ndi amplifaya yakale ya Fender Deluxe Reverb, imene anagula kwa bambo wina woimba m'mahotela ku Johannesburg. Mayi amati agogo anatha sabata yathunthu osawalankhula, poti ndalama ya malata inathera pa chinthu chimene iwo ankachitcha wailesi yosagwira siteshoni.

Mphamvu yake ndi mawati 22 okha, sipika imodzi ya mainchesi 12. Ukasuzumira kumbuyo umaona mavalavu agalasi atalendewera chadodolido: awiri a 6V6 opereka mphamvu, ang'onoang'ono ngati 12AX7 okuza mawu a gitala, ndi ina yowongola magetsi. Ukayatsa siyankhula pompo. Kanyale kofiira kamayaka kutsogolo, mavalavu n'kuyamba kufiira pang'onopang'ono ngati makala a pambaula, kenako fungo la fumbi lotentha n'kudzaza chipinda. Amalume ankandigwira dzanja, amvekere, "Dikira mphwanga, ithukume kaye."

Chimene ndinakondera bokosi limeneli si kukweza kwake ayi. Voliyumu ikakhala pa 3, mawu amatuluka oyera ngati madzi a Mulunguzi, abwino kwambiri pa rege ya ku Balaka imene tonsefe tinakulira. Ukaifikitsa pa 6 imayamba kumvera dzanja. Ukakhudza nsambo mofatsa mawu amakhalabe oyera, ukamenya mwamphamvu amasasa, ndipo pakanthawi kochepa kwambiri amakhala ngati agwada kenako n'kudzuka. Ndinadzadziwa nditakula kuti kugwadako kumachitika chifukwa valavu yowongola magetsi ija imalephera kupereka mphamvu yonse nthawi imodzi. Akatswiri a zamagetsi angati ndi chilema, koma ife oimba ndi pomwe timapakonda.

Chipangizo choyamba chotsanzira amplifaya chimene ndinachigwira chinali POD ya Line 6, kofiira kooneka ngati nyemba, kamene kanatuluka mu 1998 koma kwa ine kanafika katadutsa kale m'manja ambiri. Ndinasangalala nako chifukwa kankalowa m'chikwama ndipo kankatchula maina a maamplifaya amene ndinali ndisanawaonepo, Marshall, Vox ndi ena. Koma nditakayerekeza ndi bokosi la amalume, mawu ake apamwamba ankalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, ndipo ndikamenya mofatsa kapena mwamphamvu kusiyana kunali kochepa. Kuyambira pamenepo ndinkauza aliyense kuti za dijito n'zabodza, ndipo ndinakhala ndikunena zimenezi zaka zambiri osabwereranso kukamvetsera.

Pomwe ine ndinali chiuma mutu, zinthu zinali kuyenda. Ena, monga opanga zipangizo zotsanzira amplifaya za Axe-Fx ndi Helix, ankawerengetsa masamu a kachidutswa kalikonse ka mkati mwa amplifaya kuti kompyuta izichita monga momwe valavu imachitira. Kemper ya ku Germany, imene inabwera mu 2011, inatenga njira ina: imatumiza phokoso mu amplifaya yeniyeni, n'kumvetsera chimene chatuluka, n'kuchiloweza. Mitengo ya zonsezi inali yoti munthu wa ku Chinamwali ungoiona pa YouTube basi. Kenako kunabwera pulogalamu yaulere ya Neural Amp Modeler, imene anayambitsa Steven Atkinson, yogwira ntchito yolowezayo pa laputopu wamba.

Chimene chinandikankha kuti ndiiyese ndi namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo ngakhale ife tinapulumuka poyerekeza ndi abale athu ambiri amene anataya miyoyo ndi nyumba, khoma lakumbuyo linanyowa mpaka mkati. Amplifaya inali itatsamira khoma lomwelo. Titaiyatsa patapita masabata, inangoti wuuu, osaleka.

Ndinaikweza pa kabaza, nditaifungatira ngati mwana wodwala, kupita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika wa Zomba. Anasintha makapasita angapo, tizipangizo tosunga magetsi, n'kundichenjeza kuti ndisadzayese kupisamo dzanja ndekha, chifukwa mkatimo mumayenda magetsi opitirira mavoti 400 ndipo ena amatsalira ngakhale utazula pulagi. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, chinthuchi chatopa. Mavalavu awa akadzafa, muno m'tauni simuwapeza." Ankanena zoona. Mafakitale opanga mavalavu atsala ochepa, ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mitengo yake inakwera kwambiri.

Mnyamata wina wophunzira ku Chanco, amene amatithandiza pa mikisa kutchalitchi, ndi amene anabwera ndi laputopu, interface (kabokosi kolumikizira maiki ndi gitala ku laputopu) ndi maiki ya SM57, kuti pulogalamu ija iloweze mawu a amplifaya isanafe. Tinadikira usiku kuti njinga zamoto zileke kudutsa. Tinapachika mabulangete m'mawindo, n'kuika maiki pafupi ndi nsalu ya sipika, pambali pang'ono pa pakati. Reverb, imene imamveketsa mawu ngati a m'holo, ndi tremolo, imene imawanjenjemeretsa, tinazimitsa, chifukwa pulogalamuyi siloweza zimenezo. Ndiye tinatumiza mu amplifaya failo ya mphindi pafupifupi zitatu, yodzaza ndi mawu achilendo: kulira ngati likhweru, kuwayawaya ngati wailesi yosochera, tizidutswa ta gitala. Amalume anakhala pampando wawo manja ali pamaondo, akuyang'ana bokosi lawo likulira popanda woliimba. Ulendo woyamba galu wa aneba anauwa chapakati, tinayambiranso. Wachiwiri zinatheka. Mnyamata uja anakalowezetsa pulogalamu ija mawu amene tinajambulawo kudzera pa intaneti, ndipo mawa lake ananditumizira kafailo kakang'ono kuposa chithunzi cha pa foni.

Loweruka lotsatira tinayesa. Ndinajambula kanyimbo kamodzi, n'kukadutsitsa mu amplifaya ndiponso mu laputopu, kenako mnyamata uja ankatiseweretsa mosakaniza ife titafulatira. Woimba besi analephera kusiyanitsa. Wa kiyibodi analephera. Ine, amene ndinakhala zaka ndikulalikira kuti za dijito n'zabodza, ndinaloza molimba mtima kuti iyi ndiye yeniyeni, koma inali laputopu. Kusasa kuja kunalipo, kugwada kuja kunalipo, ngakhale kuyera kwa mawu ukakhudza mofatsa. Amalume anamvetsera kawiri n'kungoti, "Zonsezi ndi amplifaya yanga."

Kenako ndinawapatsa gitala kuti aimbe okha kudzera mu laputopu ndi sipika ya kutchalitchi. Zala zawo zinauma ndi ukalamba koma zimadziwabe njira. Anaimba pang'ono, n'kuleka, n'kuyambanso, akupendeketsa mutu.

"Mphwanga, mawu ndi omwewo. Koma akuchokera kutali."

Ndinakhala masiku ndikusinkhasinkha mawu amenewa. Poyamba ndinkaganiza kuti akunena za kuchedwa kwa kompyuta, koma kuchedwako kunali kwa mamilisekondi ochepa, ndipo mawu amayenda masentimita pafupifupi 34 pa milisekondi imodzi, kotero n'chimodzimodzi kuima masitepe awiri kuchokera pa amplifaya. Nkhani inali ina. Chimene tinajambula usiku uja ndi chimene maiki inamva, itagunditsa mphuno pa sipika. Amalume sanamvepo amplifaya yawo motero. Iwo amaimva ili pansi kumbuyo kwa miyendo yawo, bokosi lotsegula kumsana likuponya mawu kukhoma, simenti ikunjenjemera kumapazi, mphepo ya sipika ikubwerera kudzagwedeza nsambo. Palinso china: kafailo kaja kanaloweza amplifaya voliyumu ili pa 4 basi. Ukafuna ya pa 6, uyenera kujambulanso.

Ndiye anyamata akamandifunsa kuti dijito imafanana bwanji ndi mavalavu, ndimawayankha mosabisa. Kwa munthu wokhala pabenchi m'tchalitchi, kapena womvera nyimbo yojambulidwa, zimafanana moti ine ndemwe ndinagwa nazo. Chimene chimasowa chimasowa kwa woimba yekha, ndipo mbali yaikulu ya chosowacho ndi sipika ndi chipinda, osati galasi lofiira lija. Zimandipweteka ndikamva mwana akuti sangaphunzire gitala bwino chifukwa alibe amplifaya ya mavalavu, pomwe foni ndi laputopu zimene ali nazo zingamupatse mawu amene ife tinkangowalota.

Masiku ano Lamlungu ndimapita kutchalitchi ndi chikwama chimodzi kumsana. Amplifaya inasamukira kuchipinda kwa amalume, tinaiika patebulo kutali ndi khoma, ndipo amaiyatsa madzulo magetsi akakhalapo. Tsiku lina ndikutsanzika anandiitana ndili pakhomo.

"Mnyamata wa laputopu uja adzabwerenso liti? Mumuuze adzajambule ili pa 6. Pamene paja ndi pomwe imalira bwino, ndipo ndikufuna adzukulu adzaimve."

Tinajambuladi sabata yotsatira, aneba titawapepesa kale. Failo imeneyo ndi imene ndinapita nayo ku ukwati wa ku Domasi, kumene jenereta inatithera mafuta mkwatibwi akulowa. Zimenezo ndidzakusimbirani m'gawo likudzali.