Paketi imodzi ya yisiti, zigubu ziwiri

Mowa wa malita 20 sungaufulule m'chigubu cha malita 20. Thovu limafuna malo ake, ndipo chigubu chodzaza mpaka m'khosi chimalavula mowa pansi usiku woyamba womwewo. N'chifukwa chake ife amene tikuphunzira kufulula mowa wa balere pakhomo, kuno ku Ulongué m'dziko la Mozambique, timaugawa m'zigubu ziwiri. Koma paketi ya yisiti imakhala imodzi, ndipo funso la kagawidwe kake landidya mutu miyezi yapitayi.

Ndapeza kuti yisiti imagawidwa potsata malita ndi kuchuluka kwa shuga m'madzi a chimera, osati potsata chiwerengero cha zigubu. Pa mowa wa mtundu wa ale, womwe ndi mowa wa balere wofululidwa pamalo ofunda pang'ono, ofulula amafuna maselo pafupifupi 750,000 pa mililita iliyonse pa digiri iliyonse ya Plato, womwe ndi muyezo wa shuga. Madzi a chimera a malita 20 okhala pa madigiri 12 a Plato ndiye kuti akufuna maselo mabiliyoni 180. Lager, mowa wa balere wofululidwa pamalo ozizira, imafuna kuwirikiza kawiri. Paketi ya yisiti youma ya magalamu 11.5 anaikonzera mowa wa malita pafupifupi 20, choncho zigubu za malita khumikhumi zitenge theka theka. Koma ngati china chili ndi malita 12, chinzake 8, chachikulu chitenge pafupifupi magalamu 7, chaching'ono 4.5. Maso ndi supuni sizingakuyezereni zimenezi. Pamafunika kasikelo ka batire, konga kamene ogula golide amayezera.

Pamene pandiphunzitsa zambiri ndi pa yisiti yonyowetsa. Ambiri timayamba taiviika m'madzi owiritsa amene azizira kufika madigiri pafupifupi 28, madzi ochuluka kakhumi kuposa kulemera kwa yisitiyo, n'kuisiya mphindi 15 kapena kuposerapo. Ikakhala chete, yisiti imadikha pansi pa kapu. Zimakhala ngati thobwa la m'chipanda losavundula: woyamba kumwa apeza madzi, womaliza apeza nsenga zokhazokha. Mukathira theka la kapu m'chigubu choyamba osatakasa, mwathiramo madzi otuwa chabe, ndipo pafupifupi yisiti yonse yapita m'chachiwiri. Pa maso mwagawa mofanana, koma mowa udzakuuzani zina pakatha masiku awiri.

Chigubu chimene chalandira yisiti yochepa chimachedwa kuyamba kuwira, ndipo nthawi yodikirayo ndi imene tizilombo tosasitsa mowa timapezera mpata. Yisiti yochepayo imakakamizika kuswana kwambiri, n'kutulutsa fungo lamphamvu la zipatso, nthawi zina ndi ukali wobaya pakhosi. Mwinanso imatopera panjira, shuga asanathe. Kuchulutsa yisiti nako kuli ndi vuto lake, mowa umatha kutuluka wopanda fungo lokoma, koma ine ndikuona kuti vuto limenelo n'laling'ono poyerekeza ndi la kuchepa. Amene ali ndi mapaketi awiri asaumire, athire imodzi m'chigubu chilichonse.

Njira imene ndaikonda ine ndi yosafuna sikelo n'komwe. Madzi onse a chimera ndimawaziziritsa mu ndowa imodzi yoyera mpaka madigiri pafupifupi 20, ndithiramo yisiti yonse, nditakasa bwinobwino ndi mthiko wowiritsa, kenaka ndigawa m'zigubu nthawi yomweyo isanadikhe. Lita iliyonse imanyamula gawo lake yokha. Chigubu chilichonse ndimachikhutchumula ndithu, chifukwa poyamba yisiti imafuna mpweya kuti iswane. Mowa ukangoyamba kuwira, mpweya usalowenso.

Amayi athu ofulula masese sanayezepo magalamu, komabe mowa wawo umapsa, popeza mbiya yakale ndi chimera zimabwera ndi yisiti yakeyake pamodzi ndi tizilombo topatsa kuwawasa kumene timakukonda m'masese. Mowa wa balere umafuna mtundu umodzi wokha wa yisiti, Saccharomyces cerevisiae ngati ndi ale. Kulekanitsa yisiti ya mtundu umodzi kunayamba ndi Emil Christian Hansen ku Carlsberg, mumzinda wa Copenhagen, mu 1883. Posankha njira imeneyo, tasenza tokha ntchito imene mbiya inkagwira.

Kutentha nako kusaiwalike. Yisiti ya ale imagwira bwino pa madigiri 18 mpaka 20 kapena kuposa pang'ono. Kuno ku mapiri a Angónia, usiku wozizira wa Juni ndi Julayi ungaigoneke, pomwe abale athu a mumzinda wa Tete, kumene Okutobala amapyola madigiri 40, angapindule ndi kveik, yisiti ya ku Norway yopirira madigiri 30 mpaka 40. Zigubu ziwirizo zikhale malo amodzi, apo ayi mudzanamizira yisiti pa mlandu wa dzuwa.

Ndipo musaweruze ndi kubwadamuka kwa airlock, kachipangizo ka madzi ka pachivindikiro kotulutsa mpweya koma osaulowetsa, chifukwa chivindikiro chosatseka bwino chimathawitsa mpweya mwakachetechete. Hydrometer, chida choyezera shuga amene ali mu mowa, ndiyo yodalirika. Mowa woyambira pa 1.050 pa muyezo wa hydrometer utsike kufika cha pa 1.010 m'zigubu zonse ziwiri, n'kukhala pomwepo masiku awiri kapena atatu, musanaganize zouthira m'mabotolo.