Sabata ya faiba kuno ku Joni

Lolemba ndinapatsidwa nyumba zisanu, zonse zochotsa anthu pa mawaya akale a kopa a foni ndi intaneti kuwaika pa faiba, kebulo yotumiza intaneti ndi kuwala. Kuno kopa akutha basi, chiyambire pomwe kampani ya faiba ya Vumatel inakumba ku Parkhurst mu 2014 misewu yambiri ili ndi faiba ndipo kampani ya mafoni ya Telkom nayo ikusiya pang'onopang'ono ADSL, intaneti yodzera pa waya wa foni wa kopa.

Nyumba yoyamba inali ya agogo ena ku Randburg, anandiimirira kumbuyo nthawi yonse ndikuboola khoma, ati penti anapaka chaka chatha. Koma madandaulo awo ndi omwe aja timamva tsiku lililonse, mvula ikangogwa laini imayamba kulira ngati mukukazinga usipa, intaneti kuthawa. Ndi madzi amenewo, amalowa polumikizira kopa n'kuchita dzimbiri, komanso ukatalikirana ndi exchange, komwe malaini a foni amachokera, spidi imatsika. ADSL kutumiza zinthu imavutika kudutsa 1 Mbps, ndiye pa video call adzukulu amangowaona agogo atauma kukamwa kuli yasaa. Nditamaliza anaimba pomwepo, ine mpaka ndinapatsidwa tiyi ndi ma rusk.

Lachiwiri ndinakhalira ku splicer, makina olumikizira faiba, tsiku lonse. Anthu akaona kebulo amaganiza kuti mkatimo muli waya, ayi ndithu, ndi kaulusi kagalasi ka 125 microns, ngati tsitsi. Umakasenda, kupukuta ndi spiriti mpaka kalire kuti tswii, kudula ndi kachida kotchedwa cleaver, kenako makina amalumikiza nsonga ziwirizo ndi kamoto ka magetsi. Kafumbi kamodzi kokha uyambiranso. Ndipo tizidutswa totsalato sitisiya pa kapeti, kakakulowa m'chala sukaona koma ukamva sabata yathunthu.

Lachitatu masana kunagwa chimvula cha ziphaliwali chija cha kuno. Nthawi ya kopa m'mawa mwake tinkatolera ma modem opsa, pano galasi silinyamula magetsi, mphenzi ikafuna router yako izere ku soketi. Anyamata a sikirapu nawo faiba alibe nayo phindu, ngakhale ena amadulabe kenako n'kutaya pomwepo akaona kuti mulibe kopa, ife n'kumakasoka usiku.

Lachinayi ndiye kunali nkhani. Kagetsi ka LOS, kosonyeza kuti siginolo yatayika, pa ONT, kabokosi komwe faiba imafikira m'nyumba, kali psuu, bwana wa nyumba akukalipa kuti faiba yanuyi ndi yabodza. Ndinalowetsa kuwala kofiira mu kebulo n'kumatsatira, ndikupeza kukutulukira pa bedi la maluwa. Wa m'gadeni wangoima poteropo ndi fosholo, kenako ndikumva chapansipansi, "achimwene, ndine ndakhapa, chonde." Kani ndi wakwathu, wa ku Mangochi! Ndinawauza abwanawo kuti amene anakwirira poyamba anaika pamwamba kwambiri opanda paipi, zomwe zinali zoona ndithu, sindinaname. Ngalande yatsopano tinakumba limodzi tikucheza za mtengo wa thumba la feteleza kumudzi.

Lachisanu agogo aja anaimbanso, magetsi atazima foni ya m'nyumba inazimanso. Pamenepa kopa ankatiposa, laini yakale inkabwera ndi mphamvu yakeyake kuchokera ku exchange, pafupifupi ma volts 48, pomwe ONT ndi router zimadalira soketi yako. Ndinawaikira ka UPS kakang'ono, kabatire kothandiza magetsi akazima, n'kusunthanso router yomwe anaibisa m'kabati kuseri kwa mbale chifukwa ati tinyanga take tikunyasa pa sitting room. Ndikubetcha kuti pofika Lolemba aibwezeramo.