Kuika shortcut pa desktop ya Windows

Laputopu zogula kale ku Kamwala kapena mu Cairo Road ku Lusaka zimabwera mapulogalamu alimo koma desktop ili mbee. Pa Windows 10 ndi 11 ndimayamba chonchi: ndimadina batani la Windows ndi R pamodzi, m'kabokosi kotulukako ndilemba shell:AppsFolder, kenako Enter. Pamatseguka foda yoonetsa pafupifupi mapulogalamu onse, ngakhale a mu Microsoft Store omwe fayilo yawo ya .exe (yomwe imatsegula pulogalamu) sipezeka wamba. Ndikapeza Excel, ndimaigwira ndi mausi n'kuikokera pa desktop. Basi, shortcut yatheka: kachizindikiro kotsegulira Excel pa desktop.

Pulogalamu ikasowa mmenemo, ndimadina batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa desktop, ndisankha New, kenako Shortcut, kenako Browse. Mapulogalamu a 64-bit amakhala mu C:\Program Files, a 32-bit mu foda inzake yokhala ndi x86 kumapeto. Mukalemba nokha njirayo, ikani zizindikiro " koyamba ndi kumapeto chifukwa cha mpata uli pakati pa Program ndi Files. Chimene sindichita n'kukoka fayilo ya .exe yeniyeniyo osagwira batani lililonse pa kiibodi, poti Windows imatha kuisamutsa kuichotsa pakati pa mafayilo anzake, pulogalamu n'kuyamba kukana. Ndimagwira Alt pokoka, ndipo pamatuluka shortcut yokha.

Ndikamaliza ndimayang'ana kamuvi kakang'ono pansi kumanzere kwa chizindikirocho, ndi kutsegula Properties. Mzere wa Target ndiwo mwini nkhani: umanena kumene pulogalamu ikukhala. Mukasintha dzina la foda kapena kuchotsa pulogalamuyo, Target amatha kuloza pamalo opanda kanthu, Windows n'kudandaula kuti sikupeza. Mu Properties momwemo muli kabokosi ka Shortcut key. Ndikadina E m'kabokosi kameneko, Excel imatseguka ndi Ctrl, Alt ndi E.

Pa flash m'pamene ambiri amagwa. Shortcut ndi kafayilo ka .lnk ka makilobaiti ochepa chabe, sikanyamula pulogalamu kapena dokumenti. Munthu amakopera kachizindikiro ka pa desktop, akwera minibasi mpaka ku tauni kukapulinta, akafika palibe chotseguka. Musanachotse flash, onani kukula kwa fayilo.

Koma mukaona mafoda anu onse a pa flash asanduka ma shortcut omwe simunapange, musadine ngakhale imodzi. Imeneyo ndi vairasi yoyenda ndi ma flash m'malo opulintira: imabisa mafoda enieni, ndipo mukadina chizindikiro chonamacho imalowa mu kompyuta. Ine ndimayamba ndaisesa ndi antivirus, kenako mu Command Prompt (pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo) ndilemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kuti zobisika zionekenso. E ndi chilembo cha flash. Yanu ikakhala F kapena G, lembani chimenecho. Mafoda akabwerera, ndimafufuta ma .lnk onse otsalawo.