Pamene mlongo wanga ankatengedwa madzi a pamsana

Zinayamba ndi mutu wosamva Panado. Kenako khosi linauma, moti mlongo wanga sankatha kugunditsa chibwano pachifuwa. Titachoka naye ku Area 25 n'kufika kuchipatala china muno mu Lilongwe, adokotala anati akukayikira matenda oumitsa khosi, ndipo kuti atsimikize afunika kutenga madzi a pamsana.

Amayi anangokhala pansi. "Ayi adokotala, mwana wanga musamubaye kumsana. Kumudzi kwathu amene anachotsedwa madzi sanabwerere." Ndinawamvetsa, chifukwa nanenso ndinakula ndikumva zomwezo. Koma anthu aja ankafika kuchipatala matenda atakula kale, singano n'kungosenza mlandu. Ndinawanyengerera mpaka anavomera.

Anamugoneka chammbali, mawondo pachifuwa, atapindika ngati bongololo. Anamubaya kaye lidocaine kuti khungu lichite dzanzi, kenako singano yaitali ija n'kulowa pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana. Dzanzi linalipo, koma mantha lidocaine sawadziwa. Mnyamata wa zaka 27 ankanjenjemera thupi lonse, msana uli gwa, ndipo ulendo woyamba singano inalephera kulowa. Ine ndinamukanikiza mapewa misozi ili mbwembwembwe. "Achemwali, auzeni asiye," ndi mawu amene sindidzaiwala.

Anapeza kuti ndi cryptococcal meningitis, mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Matenda amenewa amachulukitsa madzi m'mutu, choncho anafunika kumubayanso kawiri kuti mutu upepuke.

Usiku umenewo ndinadandaulira mnzanga wa kusekondale, namwino ku Manchester, ku England. Iye ndi amene anandiuza za mpweya wa nitrous oxide. Amausakaniza theka ndi theka ndi okosijeni, kumeneko amautcha Entonox, ndipo amayi ambiri amaupuma pobereka. Wodwala amagwira yekha chopumira. Pakangotha mphindi zochepa ululu umachepa, mtima umakhala m'malo, koma munthu sagona, amamva adokotala akamuuza kuti asagwedezeke. Akasiya kupuma, mphamvu yake imatha msanga. Ena amamva chizungulire kapena nseru, ndipo mpweyawu suyenera kuperekedwa kwa munthu amene vitamini B12 ndi wochepa m'thupi mwake. Komanso si wachilendo: dokotala wa mano Horace Wells anauyesa pozula dzino mu 1844.

Kumva kuti mpweyawu unalipo kale mu 1844 kunandipweteka mtima. Mu wodi yathu munalibe mpweyawu, ndipo pabedi loyandikana nafe abale anakana singano n'kunyamula wodwala wawo kubwerera naye kunyumba. Ndimaganiza kuti akanamva mlongo wanga akupuma modekha m'malo mokuwa kuseri kwa katani, mwina akanakhala.

Ulendo wachitatu amayi anati alowa okha. Anamugwira mutu, akumuuza za mbuzi zake zakumudzi mpaka madzi anamaliza kudontha m'kabotolo.